Mitolo Makumi Awiri ndi Inayi, Phazi Limodzi

Lachinayi, 28 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 7, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Shuga 341. Kutentha kwa thupi 38.9. Diripi aika kudzanja lamanzere, choncho lamanja likhoza kulemba. Kope ili wandigulira Nélida, mkazi wanga, akuti ndizilongolola ndi pepala m'malo molongolola ndi anamwino.

Gwero lake ndi kamsomali ka mu nsapato ya kuntchito. Kanandibaya kunsi kwa chala chachikulu masabata atatu apitawo, ine osamva kanthu, poti shuga anapha kale mapaziwa. Ndinadziwira fungo. Dokotala Moyano, mayi wamfupi wosataya nthawi ndi kumwetulira, wasuzumira balalo n'kuti, "Don Anselmo, mumadikira chiyani? Kuti phazi likulembereni kalata?"

Ndamuuza kuti pa 16 Juni ndiyenera kukhala ndili kuntchito.

Lachisanu, 29 Meyi

Ekisire m'mawa. Magazi atenga kawiri. Insulini katatu pa tsiku, mankhwala a mu diripi maola asanu ndi limodzi aliwonse. Chakudya: dzungu lophika ndi nkhuku yopanda mchere, yomwe ikuoneka kuti inafa ndi chisoni.

Pa bedi 8 pali Don Cipriano, woweta mbuzi wa kumapiri. Anathyoka chiuno atagwa pa bulu. Wandifunsa komwe ndimagwira ntchito. Nditati ku Loma Parda, wakokera bulangeti mpaka m'mphuno.

"Anamwino, ndisuntheni. Mwandigoneka ndi wa ku mabomba."

Wa pa bedi 3 wati ayi, asiyeni, mwezi uno chipatala chipuma pa magetsi, tiziwerenga nyuzipepala ndi kuwala kwa mdalayu.

Ndawauza zomwe ndakhala ndikuuza anthu zaka 41. Kulibe bomba. Kuli kang'anjo ka nyukiliya kakang'ono, pansi pa dziwe lakuya mamita asanu ndi anayi. Kankapanga mankhwala omwe zipatala zimapimira chithokomiro ndi khansa, ndipo ophunzira ankaphunzirirapo. Kabaji koyezera cheza ndinkavala tsiku lililonse, sikanapyolepo mlingo. Chimene chadya phazi langa ndi makeke a Nélida.

"Ndiye mumapangako chiyani inuyo?" watero Cipriano.

"Ndimayendetsa kireni. Makina a kudenga onyamulira zolemera."

"Ho. Wamtengatenga wa mabomba."

Lamlungu, 31 Meyi

Shuga 260. Kutentha 38.4. Phazi lotupa mpaka pa kakolo.

Nélida wabwera ndi fulasiki ndi yeriba, tiyi wakwathu amene timayamwa ndi kapaipi m'chikho chimodzi. Anamwino alola, bola wopanda shuga. Ndinapatsira Cipriano chikho, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamwa mpaka kapaipi kanalira.

Amafunsa kwambiri munthuyu, ndiye ndamusimbira. Ndinalowa ku Loma Parda mu 1968 ndili ndi zaka 20, ngati wosesa. Sukulu ndinalekezera sitandade 6. Tsiku lomwe anayatsa ng'anjo koyamba, mu 1970, anatiitana tonse, ndi ophika omwe, kuti tidzaime m'mbali mwa dziwe. Anazimitsa magetsi a m'holo. Pansi pa madzi panayamba kuwala mtundu wa buluu womwe sindinauonenso kwina kulikonse. Mkulu wina wa ndevu, wa madigiri atatu, analira ngati mwana. Ine ndinali ndi tsache m'manja.

Mu 1974 anandikweza pa kireni. Nthawi imeneyo tinalipo anthu 140, basi ziwiri m'mawa uliwonse, timu ya mpira, nyama yootcha Lachisanu lomaliza la mwezi. Mu 1994 anazimitsa ng'anjo, ati yakalamba. Anthu anayamba kupita m'magulu. Tinatsala khumi ndi mmodzi, alonda a dziwe: kusefa madzi, kuyeza, kulemba, kutchetcha udzu. Zaka khumi ndi zisanu.

Pansi pa dziwelo pakadali mitolo 24 ya yureniyamu yomwe inatha ntchito koma ikadali yoopsa. Pa 16 Juni tiyamba kuinyamula umodziumodzi, ili m'madzi momwemo, kuilowetsa mu mgolo wa mtovu. Kukamwa kwa mgolowo n'kothina, mtolo umalowa ngati phazi mu nsapato yatsopano. Malole adzapita nayo kudoko, sitima idzaibweza kudziko lomwe linatibwereka. Sitimayo ikatiphonya, ina sitikudziwa kuti idzabwera chaka chiti. Mitolo ikachoka ndiye adzapope dziwe, agwetse nyumba, malo abwerere kwa anthu a m'tauni.

Ndinaiika ndine mitoloyo. Ndiichotsa ndine.

Lolemba, 1 Juni

Ekisire yaonetsa kuti matenda alowa m'fupa. Adula zala ziwiri masana. Anandibaya pamsana, ndinali maso, ndinkamva zitsulo zikulira m'mbale. Sizinawawe.

Ndawerenga: masiku khumi ndi asanu. Kireni siyendetsedwa ndi zala za kuphazi.

Lachitatu, 3 Juni

Shuga 190. Kutentha 38.1. Kutsuka bala kawiri pa tsiku. Pamenepa ndiye pamawawa, mkati mwenimweni, pomwe mitsempha ikadali yamoyo.

Injiniya Scarafía, mkulu wa ntchito yotseka malowa, waimba foni. Mwaulemu monga mwa masiku onse. Akuti ndisadandaule, Oviedo ayamba kuyeserera ndi mtolo wabodza, wachitsulo chabe, wolemera mofanana.

Mirta Oviedo anamubweretsa mu Malichi kuchokera kudoko la Rosario kuti azindithandiza. Zaka 52, makumi awiri ndi zisanu mwa izo akunyamula makontena. Miyezi itatu yonseyi ndamugwiritsa wailesi ndi kope basi. Mabatani sindinamupatsepo.

Ndamuuza Injiniya kuti adikire, ndikubwera. Wati ayeserera Lolemba m'mawa.

M'mawa, m'nyengo yozizira ino. Chakudya chamasana sindinadye.

Lachisanu, 5 Juni

Bala lada m'mbali. Anapima mitsempha ya mwendo ndi kachipangizo kolira ngati mphepo. Pa bondo kamalira. Pa kakolo zii.

Dokotala Moyano wakhala pampando, chinthu chomwe sachita. Akuti magazi sakufika kuphazi, ndiye bala silingapole. Ayenera kudula mwendo m'munsi mwa bondo, sabata ikubwerayi.

"Pakatha pa 18," ndinatero. "Ndipatseni mapiritsi, mumange bwino, ndikagwire ntchito masiku atatu. Ndikabwera mudzadule mpaka pomwe mukufuna."

"Pa 18 ndidzadula pamwamba pa bondo. Kapena sindidzadula kanthu, chifukwa mudzakhala muli kwa a mabokosi. Matendawa akalowa m'magazi safunsa kalendala."

Ndapempha pepala losaina kuti ndatuluka mwa kufuna kwanga. Wati andibweretsera ndikalankhula ndi akunyumba.

Loweruka, 6 Juni

Nélida wamvetsera mpaka ndamaliza. Sanalire. Watsegula kabati ya pambali pa bedi, watenga buluku, jekete ndi nsapato, wazipinda bwinobwino n'kuika m'chikwama chake.

"Saina, mdala. Ukakwere basi ndi gauni yotsegula kumbuyoyo, anthu a m'tauni aone zomwe ndakhala ndikupirira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri."

Wodi yonse yaseka. Cipriano mpaka chiuno chinamupweteka.

Pochoka wawerama ngati akukonza pilo, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndakugawana ndi dziwe lija moyo wanga wonse. Mtembo wako sindigawana nalo."

Kutentha 38.8.

Lolemba, 8 Juni

Lero ndilemba zonse.

Oviedo wabwera nthawi ya alendo, akadali mu ovolosi. Sanabweretse chipatso, sanafunse za phazi. Wakoka mpando.

"Don Anselmo, mtolo wabodza wagunda mkombero wa mgolo. Katatu. Ndimasiya batani pamalo pake, koma kireni imapitirira yokha, pafupifupi chikhatho chathunthu, cha kumbali ya phiri. Nditayesanso masana, dzuwa litatentha denga, inaima bwinobwino. Injiniya akuganiza kuti ndine wosadziwa ntchito. Ine ntchito ndimaidziwa. Ndiuzeni chomwe chilipo."

Ndinayang'ana kuzenera. Kenako ndinamuuza.

Buleki ya kireniyo imatsetsereka kukazizira. Inayamba mu 1988, chala chimodzi chokha. Ndinaphunzira kuinyengerera: ukamva gudumu lagunda polumikizira njanji pachitatu, umasiya batani msanga, n'kugogoda batani lobwerera kumbuyo kamodzi, mopepuka. Imaima ndendende pomwe ukufuna. Chaka ndi chaka kutsetserekako kunkakula, nanenso dzanja linkakula nako. Oyendera makina ankabwera chaka chilichonse, koma woyendetsa pa mayeso awo ndinali ine. Ankalemba kuti ili bwino.

"Munalemba kuti zimenezi?"

"Sindinalembe."

"Munauza ndani?"

"Palibe."

Chifukwa chake sanafunse, koma ndinanena ndekha. Pamene ankachotsa anthu, ankayamba ndi opanda mapepala. Anzanga a sitandade 6 onse anapita chaka choyamba. Ine anandiyesa ndi anyamata awiri a satifiketi, onse anagundanitsa katundu pa kireniyo, ndipo mabwana anati makinawa amamvera Anselmo yekha. Ndinali ndi ana atatu kusukulu. Ndinangokhala chete. Ana atamaliza sukulu ndinapitiriza kukhala chete, chifukwa mawu aja ndinkawakonda.

Ndinati, "Bwera nacho choimikira diripicho, ndikuonetse kagogodedwe kake. Masiku atatu udziwa. Palibe amene adzamve."

Oviedo anaimirira. "Ayi. Ine sindinyamula yureniyamu ndi matsenga. Pa 16 kukadzazizira kuposa lero? Chikhatho chikadzasanduka chikhatho ndi theka? Mtolo ukang'ambika m'dziwe muja, madzi onse aipa, ndipo anthu anayi adzakhala ataima m'mbali. Mulembe kalata kwa Injiniya, musaine. Mukapanda kulemba ndikanena ndekha, koma ndikufuna ichokere kwa inu. Ndibwera mawa nthawi ngati ino."

Atatuluka, ndinazindikira kuti wodi yonse yamva. Ndinaiwala kuti makatani satseka makutu.

Cipriano anati, "Kamtsinje kodutsa kuseri kwa mpanda wanu kaja, mukudziwa komwe kamathera?"

Ndinati ndikudziwa, ndipo kuti madzi a m'dziwe satuluka, makoma ake ndi ochindikala kuposa kutalika kwa munthu.

"Mwina n'zoona. Koma dzulo mukanandiuzanso kuti kireni ili bwino. Mbuzi zanga zimamwa pamenepo. Adzukulu anga amasamba pamenepo. Zaka makumi awiri timadalira chala chanu, osadziwa."

Watembenukira kukhoma. Sanachitenso nthabwala.

Lachiwiri, 9 Juni

Kutentha 39.3. Shuga 280. Mzere wofiira wakwera kupyola kakolo, namwino waulemba ndi cholembera kuti aone liwiro lake.

Kalata ndalemba. Masamba awiri, ndang'amba m'kope momwe muno. Chaka chomwe zinayamba, kukula kwake chaka ndi chaka monga ndikukumbukira, mbali yomwe imatsetserekera, kuzizira komwe imayambira, ndi momwe ndinkabisira pa mayeso. Mawu akuti "ndinkabisa" ndinawafufuta kawiri, kachitatu ndawasiya. Pansi: Anselmo Ludueña, woyendetsa kireni, nambala 0087.

Oviedo waiwerenga ataimirira, waipinda, waika m'thumba la pachifuwa. "Zikomo, Don Anselmo." Basi.

Dokotala Moyano akudutsa ndamuitana. Ndati abweretse pepala lina lija, la opaleshoni.

"La kutuluka mwalisiya?"

"Ndilibe buluku, adokotala."

Lachitatu, 10 Juni

Ndasaina. Mawa 8 koloko. Osadya kuyambira madzulo ano.

Nélida wandimeta ndevu. Ndamuuza za kalata. Wati ankadziwa kuti pali chinachake, chifukwa munthu sakana tchuthi cha m'nyengo yozizira zaka makumi awiri popanda chifukwa. Ankaganiza kuti ndi mkazi.

Injiniya sanaimbe.

Lachisanu, 12 Juni

Adula dzulo. Masentimita 14 m'munsi mwa bondo. Ndasanza kawiri. Mofini.

Loweruka, 13 Juni

Kutentha 37.6. Chidendene chomwe kulibe chikuyabwa.

Lamlungu, 14 Juni

37.1. Shuga 150. Ndadya msuzi wonse. Ndayang'ana pansi pa bulangeti koyamba. Chabwino. Ndi mmene zilili.

Lolemba, 15 Juni

Oviedo waimba. Anatsitsa buleki Lachitatu. Zomangira zake zinaperepeseka mpaka kuchitsulo, sipuling'i inatopa kalekale. Kampani yomwe inapanga kireniyo inatsekedwa zaka zambiri zapitazo, ndiye anapita nazo kwa wosula zitsulo wina mumzinda, anapanga zatsopano masiku awiri. Loweruka oyendera makina anaiyesa mbandakucha, chisanu chili mbuu pa udzu, ndi katundu woposa mlingo. Inaima pomwepo, osasuntha ngakhale mpang'ono pomwe. Ntchito yasunthidwa ndi tsiku limodzi lokha. Sitima idikira.

Masiku awiri. Luso lomwe ndinalisunga zaka makumi awiri ndi chimodzi ngati chuma, munthu walichotsa ndi sipanala masiku awiri. Ndinaganiza kuti zindiwawa kuposa mwendo. Zandiwawa ndithu, mpaka chakudya chamasana. Kenako ndagona tulo tomwe sindinagonepo chiyambire kuzizira.

Wabwera wophunzitsa kuyenda. Ndakhala m'mphepete mwa bedi mphindi khumi. Chizungulire. Akuti bondo ndiziliwongola nthawi zonse, likapindika mwendo woikirira sudzakwana.

Lachitatu, 17 Juni

Ayamba 7 koloko. Nélida wakhala nane tsiku lonse, foni ili pa bulangeti. Oviedo analonjeza kutumiza nambala yokha mtolo uliwonse ukalowa.

1 inabwera 8.40. Ndinkadziwa chomwe chikuchitika mphindi iliyonse: ngowe ya kireni kutsika, kugwira, kukoka pang'ono kuti umve kulemera, kudikira madzi akhazikike. Chala changa chinkagogoda chitsulo cha bedi pachabe.

Pofika 5 koloko: 8.

Ndaima ndi mwendo umodzi pakati pa zitsulo ziwiri. Masekondi makumi awiri.

Lachinayi, 18 Juni

16.

Cipriano watuluka lero. Ana ake aamuna awiri anabwera ndi chikuku. Sanandilankhule kwenikweni chiyambire tsiku lija, kupatula kupempha kuti nditseke zenera. Podutsa pa bedi langa wauza anawo kuti aime.

"Yatsala ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Ikatha mudzatumize uthenga kusitolo ya pa mlatho. Amandidziwa."

Sanandipatse dzanja. Sindikumuimba mlandu.

Lachisanu, 19 Juni

24. Nthawi 3.52 masana.

Oviedo waimba yekha. Mawu ake anali osasa. Akuti mtolo womaliza utalowa, onse anaima m'mbali mwa dziwe kuyang'ana pansi, ndipo munalibe kanthu, mashelefu achitsulo okhaokha ndi sipanala ya nambala 17 yomwe wina anagwetsamo kalekale. Ndamuuza kuti ndi yanga, 1981.

Ndamuuzanso kuti wagwira bwino ntchito. Wati akudziwa.

Nélida watumiza uthenga kusitolo ya pa mlatho.

Bala louma, lopanda mafinya. Ulusi achotsa pakatha masiku khumi.

Lachiwiri, 23 Juni

Shuga 132. Ndayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pa bedi mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Mapazi 22, ngati tingawatchule mapazi.

Masana wabwera Injiniya Scarafía, atanyamula chipepala chachitali chokulunga. Wapereka moni kwa Nélida, wafunsa za mwendo, wakana yeriba. Kenako wanena zomwe anabwerera. Kalata yanga yapita kwa oyang'anira za nyukiliya, monga lamulo linenera. Chilolezo changa choyendetsa makina chalandidwa. Padzakhala kufunsidwa mafunso ndikatuluka. Pa mwambo wotseka malowa dzina langa linali pa ndandanda ya olandira mendulo, alichotsa.

Ndati ndamva, ndipo n'zoyenera.

"Ndinakwiya nanu kwambiri, Ludueña. Ndikadali wokwiya. Ndinasaina mapepala a kireniyo zaka zisanu ndi chimodzi." Anakweza chipepala chija. "Koma mwezi wa Ogasiti tiyamba kupopa dziwe ndi kukumba mapaipi. Mapulani omwe ndili nawo ndi a 1967. Amene anamanga anamwalira onse. Mwa amoyo, amene analipo pamene ankasintha zinthu ndinu nokha. Ndiye ndikufunsani kamodzi: n'chiyani china chomwe chili m'mutu mwanu chomwe sichili papepala?"

Masiku onsewa ndakhala ndikuwerenga zimenezi pogona. Zilipo khumi ndi zitatu. Zambiri si zanga, ndi zinthu zomwe zinasinthidwa mwachangu chaka china, wolemba n'kuiwala, kapena kupuma ntchito. Ziwiri ndi zanga.

Ndati, "Khumi ndi zitatu. Muli ndi nthawi?"

Anayang'ana uku ndi uku kufuna tebulo. Kathebulo ka pambali kanali kodzaza mabotolo. Ndinamuonetsa kumunsi kwa bedi, kumanzere, pomwe bulangeti lagona fulati.

"Yalani apa, Injiniya. Malo alipo tsopano."

Anazengereza, kenako anayala. Nélida anagwira ngodya imodzi, ine ndinatsamiritsa ina ndi bondo. Pepala lachikasu, mizere yofufuma, koma nyumba iliyonse ndinaizindikira. Ndinamubwereka pensulo.

"Tiyambe ndi zanga. Paipi iyi yochokera kochapira zovala. Apa anajambula kuti imapita ku thanki. Inkapita, mpaka 1983, pamene ndinaipatutsa osauza munthu. Lembani."

Anatulutsa kope lake, nayamba kulemba. Tinali titafika pa nambala 4 pamene namwino anabwera kudzathamangitsa alendo. Abweranso Lachinayi, 2 koloko.